Magiya Atatu pa Khwawa la Napolo

Amosi anali dalaivala wa malole, ndipo anthu a m'munsi mwa phiri la Michesi ankati munthu ameneyu amasintha magiya ngati akusisita mwana. Koma izi zinali napolo asanatsike. M'mawa uja wa mu Malichi 1991, phiri litang'ambika n'kulavula madzi, matope ndi miyala, Amosi anali pakhomo, kwawo kwa mkazi wake Rozaria, kumene ankakhala pachikamwini. Anawolotsa nkhalamba ina, n'kubwerera kukawolotsa mwana wa eni ake, ndipo pa ulendo wachitatu mwala unamupana. Anatsitsimukira kuchipatala cha mishoni mwendo wamanzere utadulidwa pabondo.

Mwendo wamanzere ndiwo wopondera kilatchi. Madokotala ankamuuza kuti athokoze Mulungu poti moyo ulipo, iye n'kumathokozadi, koma mumtima ankangoona kachitsulo kaja ka pansi pa chiwongolero kalibe woponda. Anali atangogula galimoto ya Pijoti yakale yoyera, yaitali kumbuyo, yoti aziyendetsa matola akadzasiya malole. Mnzake wina anaibweretsa n'kuiimika pansi pa mango, ndipo inakhala pomwepo zaka zisanu ndi ziwiri. Nkhuku zinaikira mazira pampando wa dalaivala, n'kuswa anapiye, anapiyewo n'kukula n'kudzaikiranso pomwepo.

Chaka chomwe Phalombe inapatsidwa uboma wakewake, a Fraser, malume ake a Rozaria, anapuma ntchito ya ukapitawo ku esiteti ya tiyi ku Mulanje n'kubwerera kumudzi. Anali mwini mbumba, ndipo anali munthu woti akakhosomola pabwalo, ana amasiya masewera. Sanali woipa mtima ayi. Kungoti zaka makumi atatu zoyang'anira anthu othyola tiyi zinawaphunzitsa kuyeza munthu ndi dengu limene wasenza.

"Akamwini," anatero tsiku lina masana atawaitanitsa onse awiri pakhonde, "tapirira, ndipo simunganene kuti sitinakuchitireni chifundo. Munda akulima yekha mwanayu. Denga akufolera ndi aganyu. Kwanu ku Jenala abale alipo. Mvula isanagwe, khola la nkhuku lili apoli tiwapatse osula mbaula, inu mukapumeko kwanu."

Kukapuma kwanu! Ngakhale mbuzi ya pakhondepo inamva kuti akunena za kutha kwa ukwati.

"Amalume, ine sindinadandaule," anatero Rozaria.

"Pakamwa sunadandaule, koma mapewa akowo akudandaula."

Amosi anayang'ana ndodo zake, kenako anayang'ana a Fraser. "Amalume, chigayo chanu chija chikadali kuboma?"

Apa anawaponda pachilonda. A Fraser anali atagula chigayo ndi injini yake ya dizilo, nyumba yachigayo n'kumanga, mudzi wonse n'kuyamba kuyembekezera. Koma mlatho wa kumudziko unapita ndi napolo, ndipo msewu tsopano unkatsikira m'khwawa lenilenilo, n'kukhota pa chimwala china chachikulu, n'kukwera chitunda chongoti njo. Lole ina inayesa, kilatchi n'kupsa, n'kubwerera chafutambuyo. Madalaivala ena ankangofika pamwamba, kusuzumira, n'kutembenuka. Chigayo chinatha miyezi iwiri chili pakhonde la sitolo kuboma, chitafunditsidwa lona.

"Ndikakutengerani ndine," anatero Amosi.

"Ndi ndodozo?"

"Ndi Pijoti."

A Fraser anaseka mpaka kupukuta misozi. "Chabwino. Mukachifikitsa pakhomo pano, ine za ku Jenala sindidzatchulanso. Koma mukachigwetsera m'khwawa, musadzadikire n'komwe mvula."

Amosi sanalankhule zakumutu. Ku Migowi kunali a Kaliati, makaniko wachikulire amene makolo ake anachokera ku Mozambique, ndipo a Kaliatiwo anaphunzira sipanala ku Joni. Iwowa anamuuzapo kangapo kuti kunja kuno kuli galimoto zopanda kilatchi, zosintha zokha magiya. Amosi ankazidziwa, ndipo ali pa malole ankazinyoza kuti ndi za mabwana aulesi. Kunyada kwa udalaivala kunam'tsekereza zaka zonsezo, chifukwa kwa iye munthu wosasintha yekha magiya sanali dalaivala. Tsopano kunyadako kunali kutafika pamapeto.

A Kaliati anabwera panjinga atamangirira batire kumbuyo. Anatha masiku awiri akuchotsa zitosi ndi zisa za mavu, kupopa matayala ndi kutsuka injini. Tsiku lachitatu mudzi wonse unakankha, Pijoti inatsokomola utsi wakuda n'kulira, ndipo anaiyendetsa okha mpaka ku galaja kwawo.

Patatha sabata anatumiza uthenga woti Amosi abwere adzasankhe. A Fraser nawo anapita, ati akufuna aone chimene chidzanyamule chuma chawo.

"Moseliwa, a dalaivala," anatero a Kaliati pomulonjera Amosi m'Chilomwe. Dzina la udalaivala linam'lasa mtima, poti panali patapita zaka wina asanamuitane choncho.

Pansi pa mtengo wa kesha panali magiyabokosi awiri atagonekedwa pa matabwa. Imodzi inali yowala, yotsukidwa bwino, yochokera ku Limbe, ndipo inali ya magiya anayi. Inayo inali yakuda ndi fumbi, yonenepa ngati nkhumba yodyetsedwa madeya. A Kaliati anaichotsa m'Pijoti ina ya masisitere a kumishoni, imene inagweredwa ndi mtengo padenga n'kutayidwa kuseri kwa galajayo. Iyi inali ya magiya atatu basi.

"Apa palibe chosankha," anatero a Fraser akuloza yowalayo ndi nsapato. "Yatsopano iyi, komanso zinayi zimaposa zitatu. Ngakhale mwana wa sitandade wani akudziwa."

A Kaliati anang'amba pepala loyera m'kope lakale, n'kumasula kabawuti pansi pa giyabokosi yowalayo, n'kudonthezera oilo papepalapo. Anachita chimodzimodzi ndi inayo. Kenako anapereka pepala kwa Amosi. "Nunkhizani."

Dontho la yowala lija linali lakuda, ndipo linkanunkha ngati nyemba zopserera mumphika. Dontho la yamasisitere linali lofiira ngati sobo, loonekera mkati, lopanda fungo la moto.

"Kunja amatsuka ndi sopo," anatero a Kaliati, "koma oilo sanama. Iyi inapsapo. Mwini wake ankaikokera katundu pa giya yachinayi, iyo n'kumangosinthasintha, kukwera, kutsika, kukwera, kutsika, mpaka kutentha. Giya yachinayi ndi ya tala, ya munthu wothamangira ku Blantyre manja ali m'thumba. Inu simukufuna liwiro, mukufuna msana."

Anagwada n'kutsegula zivundikiro za pansi pa zonse ziwiri. Mkatimo munali timaginito. Ka yowala kanali kataphimbidwa ndi tizitsulo tonyenyeka, pamene ka inayo kanali ndi kafumbi kochepa kongopukuta ndi chala. "Masisitere sathamanga," anatero akumwetulira. "Zaka khumi ndi zisanu akupita ku Misa ndi kuchipatala, n'kumasintha oilo pa nthawi yake ngati pemphero. Mkati mwake ikadali namwali iyi. Ndiponso ndi yachikale, zitsulo zake n'zochepa koma zokhuthala, mulibe tinthambo tamagetsi tovutitsa munthu kutchire."

"Nanga oilo mukumutamayu ali ndi ntchito yanji?" anafunsa a Fraser. "Chokoka katundu si mano a zitsulo?"

Apa a Kaliati anadzuka n'kukatenga chinthu china chooneka ngati dzungu lachitsulo, chimene anachicheka pakati kalekale kuti aone za mkati. Anachitsegula pamaso pawo. Mbali iliyonse inali ndi mapiko opindika ngati a fani, ndipo pakati panali kagudumu kakang'ono ka mapikonso.

"M'malo mwa kilatchi mumakhala ichi. Mbali iyi imazungulira ndi injini. Mbali iyi ndiyo imapita ku matayala. Taonani pakatipa." Anapisapo chala. "Sizikhudzana."

"Ndiye chimakoka n'chiyani?"

"Oilo. Mbali iyi imamuponya, iye n'kukamenya mapiko a inayi. Kagudumu aka kamamubweza kuti akamenyenso, n'kubweranso, n'kukamenyanso. Katundu akamalemera, iye ndiye amasonkhana mphamvu."

A Fraser anawomba m'manja kamodzi. "A Kaliati, ndife akuluakulu tonse pano. Zamadzimadzi zikoke chigayo changa pa chitunda chija? Chitsulo chinalephera, ndiye athe ndi madzi?"

Amosi sanamve kuseka kwa anthu amene anali atasonkhana. Maso ake anali pa mpata uja wa pakati pa mapiko. Anakumbukira phokoso la m'mawa uja, ngati malole zana akutsika phiri opanda mabuleki. Anakumbukira chimwala chija cha pakhona ya khwawa, chachikulu kuposa nyumba ya a Fraser, chikubwera chili pamwamba pa madzi, chikugudubuzika mosavutikira. Panalibe unyolo, panalibe dzanja, panalibe chochigwira. Madzi okhaokha, omwewa amamwa mwana m'chikho. Zaka zisanu ndi ziwiri ankaiopa mphamvu imeneyo, ankaida, ankailota. Lero anaipeza itatsekeredwa m'dzungu lachitsulo loti munthu n'kulinyamula m'manja, ndipo anachita mantha osakanikirana ndi ulemu.

"Amalume," anatero motsitsa mawu, "inu tsiku lija munali ku Mulanje. Ine ndinaona zimene madzi amanyamula."

Amosi analoza giyabokosi yakuda ija ndi ndodo. "A Kaliati, ikani ya masisitereyi."

Ntchito inatenga masabata atatu. A Kaliati anatenga giyabokosi yakale ya Amosi ndi mbuzi ziwiri za Rozaria ngati malipiro, n'kusamutsa zonse zofunika kuchokera m'galimoto ya masisitere. Kumbuyo anawotcherera chitsulo chokolekapo ngolo. Kutsogolo, pakati pa nyali ziwiri, anamangirira kaladiyeta kena kakang'ono koti oilo azidutsamo n'kumazizira, chifukwa ati mdani wa giyabokosi yotere si katundu koma kutentha. Pomaliza anamasula chopondera kilatchi n'kumupatsa Amosi m'manja.

"Kasungeni, muzikakolekapo chipewa. Tsono mverani. Pa chitunda muike pa wani, osati pa D pomwe imasintha yokha magiya. Musaikalipire, pondani pang'onopang'ono, muipatse nthawi. Ndipo muwauze abale anu aja kuti iyi sailiza pokankha. Akhoza kuikankha mpaka ku Chiringa, siingalire."

Tsiku loyamba kuiyendetsa, Amosi anazungulira bwalo la mpira la ku Migowi kanayi. Galimoto itasintha yokha giya, dzanja lake linapita pa ndodo ya magiya n'kupeza ntchito yachitika kale. Anaseka yekha, kenako anaima kuseri kwa golo n'kulira pang'ono pomwe panalibe womuona.

Anasankha Loweruka la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Kuboma amuna khumi ndi awiri anakweza chigayo ndi injini yake pa ngolo yobwereka, pogwiritsa ntchito matabwa ndi zingwe, ndipo kumbuyo kwa Pijoti kunatsika ngati ikugwada. Rozaria anatsegula chitseko n'kukhala kutsogolo, mwala waukulu ngati mutu wa munthu uli pamiyendo.

"Mayi a Belita, mwalawo ndi wa chiyani?" anafunsa Amosi, akumuitana ndi dzina la mwana wawo.

"Wa tayala. Ikayamba kubwerera m'mbuyo, nditsika n'kuikapo. Kodi si mmene ankachitira anzanu pa malole?"

"Mukanatsala. Ngoloyi ikatikoka, tonse tigwera m'khwawa."

"Ndiye mukufuna mukagwemo nokha kachiwiri? Tiyeni, bambo a Belita."

Pamsewu wafumbi Pijoti inayenda bwino, a Kaliati akutsatira panjinga. Atafika pakhwawa anapeza mudzi wonse uli tsidya linalo, ena pamiyala, ena m'mitengo. A Fraser anali ataima pakati pa chitunda atavala chipewa chawo cha ku esiteti.

Amosi anaika pa wani n'kutsika pang'onopang'ono, ngolo ikumukankha kumsana. Matayala analowa m'madzi ofika m'kakolo. Aka kanali koyamba kudutsa pamalo amenewa maso ali otsegula, poti nthawi zonse akamam'kweza panjinga ankatsinzina. Chimwala chija chinali pomwepo, chitamera ndere, abuluzi akuwothera dzuwa pamwamba pake. Msewu unkachizungulira mopanikiza, moti panalibe pothamangira kuti galimoto ipeze liwiro. Anakhota mosamala, ngolo n'kudutsa patangotsala chikhatho, ndipo mphuno ya Pijoti inayang'ana kumwamba.

Inakwera mikono itatu, n'kuima.

"Yakanika!" anakuwa wina. "Ikani mwala! Ikani mwala!"

"Masulani ngolo!" anakuwa a Fraser akutsetsereka. "Masulani chisanagwe!"

Amuna anayamba kuthamangira kumunsi. Rozaria anagwira chotsegulira chitseko, mwala uli kale m'khwapa.

"Musatsike," anatero Amosi.

"Taima, bambo a Belita!"

"Sitinaime. Imvani."

Anali asanachotse phazi. Ankaponda pang'onopang'ono monga anauzidwira, thukuta likumulowa m'maso. Chitsa cha mwendo wake wamanzere chinkanjenjemera chokha, chikufunafuna kilatchi yoti igwire, ndipo thupi lake lonse la udalaivala linkamuuza kuti injini izima tsopano lino. Koma siinazime. Kulira kwake kunatsika, kunakhuthala, ndipo pansi pa mpando anamva chinthu chikusonkhana. Anachizindikira. Ndi mmene nthaka inkachitira m'mawa uja madzi asanaonekere, kunjenjemera kwa chinthu chimene chikubwera ndipo palibe wochiletsa. Mtima unamuuza kuti athawe. Iye anagwiritsa chiwongolero n'kuwonjezera phazi pang'ono.

Pijoti inasuntha.

Siinadumphe, siinagwedeze munthu, tayala silinapale fumbi. Inangoyamba kuyenda ngati mtsinje ukadzaza n'kuyamba kusefukira. Chingwe china cha pa ngolo chinalira, chigayo chinapendekera kumbuyo n'kukhazikika, ndipo ngolo inatuluka m'madzi ikudontha. Amuna amene anafika kuti akankhe anatsala manja ali m'malere, galimoto itawachokera isanakhudzidwe. A Kaliati ankawakalipira ali m'madzi ndi njinga yawo kuti aisiye, asaisokoneze.

Palibe amene analuluta. Anthu anangopatuka n'kuyamba kuyenda m'mbali mwake, chifukwa inkakwera pa liwiro la munthu woyenda pansi. Inadutsa pomwe lole ija inapsera kilatchi. Inadutsa a Fraser, amene anali atavula chipewa osadziwa kuti avula. Amayi ena achikulire amene anataya ana awiri m'khwawa lomwelo ankayenda atagwira bokosi la chigayo ndi zala ziwiri, milomo ikuyenda. Rozaria ankalira mosabisa, mwala ataukumbatira pachifuwa. Amosi sankaona aliyense. Ankangomva mphamvu ija, imene inam'landa mwendo, ili pansi pake ikumumvera phazi limodzi lotsalalo, ndipo anachita nayo mantha mpaka pamwamba.

Pamwamba pa chitunda anaima. A Kaliati anafika ali wefuwefu, anatsegula boneti, anasolola kawaya koyezera oilo, n'kununkhiza. Kenako anakakweza m'mwamba kuti onse aone dontho lofiira likunyezimira padzuwa. Apo m'pamene nthungululu zinasweka, ndipo zinamveka mpaka m'phiri.

Kuchokera pamenepo kufika pa nyumba yachigayo panali pafupi. Amosi anayendetsa anthu atamuzinga, anabwerera m'mbuyo kamodzi kokha n'kuimika ngolo pakhomo penipeni, ndendende ngati mmene ankaimikira malole pa depoti. Anazimitsa injini. Rozaria anatsika n'kukaika mwala wake kuseri kwa tayala, ngakhale pamalopo panali posalala.

Amosi anatsegula chitseko. Mutu wake unali ukadali m'masiku akale, aja ankafika pa ulendo wautali n'kudumpha m'lole akuimba mluzu. Anaponda pansi ndi mwendo wamanja, anadzuka, n'kuponya wamanzere kuti ayende. Ndodo zinali pampando wakumbuyo. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zisanu ndi ziwiri anali ataiwala.

Anapepesuka chamutu, koma sanafike pansi. Manja awiri olimba anamuwakha m'khwapa, ndipo chipewa cha ku esiteti chinagwera m'fumbi. A Fraser anam'gwira choncho kwa kanthawi, akupumira m'mwamba. Wina anathamangira kukatenga ndodo, koma iwo anamukaniza ndi mutu. Anakoleka mkono wa Amosi pakhosi pawo n'kumutembenuzira ku nyumba ya Rozaria.

"Tsamirani pa ine, a dalaivala," anatero. "Tiyeni kwanu, mukamwe madzi."